KATUNGWE WA KUMUDZI NDI AKATUNGWE A KU CHIONETSERO

KATUNGWE TIMAMDZIŴA TONSE

Kodi alipo pakati pathu amene anakula osaseŵerako katungwe? Kuno ku Kasina ana amamanga chingwe kapena luzi pa nthambi ya mango. Wina amakhalapo, mnzake namamkankha. Akafika m'mwamba amakuwa ngati waona chilombo. Koma mukamuuza kuti atsike, amakana. Makolo athu anaŵaona maseŵera ameneŵa, mpaka anatisiyira mwambi woti katungwe n'kukankhana.

M'mizinda ikuluikulu muli akatungwe a mtundu wina. Ameneŵa ndi achitsulo, ndipo amayenda ndi injini kapena magetsi. Ena amazungulira, ena amakwera m'mwamba, ena amathamanga pa njanji ngati sitima. Munthu amalipira kuti akwere.

Tsiku lina mudzapita ku Lilongwe kapena ku Blantyre ndi ana anu kapena adzukulu. Iwo akadzaona zimenezi adzakukokani chitenje kapena jekete, nadzati, "Amayi, tikwere nawo!" kapena "Agogo, tilipirireni!" Kodi mudzaŵayankha chiyani?

Makolo ena amangokaniza chifukwa cha mantha, ana nabwerera kumudzi akulira. Ena amangovomera osayang'ana kanthu, mwana navulala. Njira yabwino ndi kudziŵa. Tsono tiyeni tione mmene akatungwe ameneŵa amayendera, amene ayenera kukwera, ndi mmene mungasamalire ana ndi ndalama zanu.

KODI AMAPEZEKA KUTI?

Kaŵirikaŵiri akatungwe a makina amatsata khamu la anthu. Eni ake amaŵamasula, naŵanyamula pa malole, nakaŵamanga pamene pali chionetsero. Chionetsero chikatha amaŵamasulanso napita kwina.

Kuno ku Malaŵi chionetsero chachikulu cha malonda chimachitikira ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre, pafupi ndi bwalo la mpira la Kamuzu Stadium. Chinayamba mu 1989. Amachikonza ndi a bungwe la eni malonda ndi mafakitale lotchedwa MCCCI, ndipo kaŵirikaŵiri chimakhala mu Meyi kapena Juni, anthu akukolola. Pamalo omwewo pamachitikanso chionetsero cha zaulimi. Akulu amakaona mbeu, ziŵeto ndi makina, pamene ana amathamangira kumene kuli zoseŵera. Nthaŵi ya Khirisimasi zoseŵera zina zimaikidwanso pafupi ndi masitolo akuluakulu a m'tauni.

Abale athu okhala ku Zimbabwe amadziŵa akatungwe otchedwa Luna Park. Ameneŵa amamangidwa pa chionetsero cha malonda ku Bulawayo ndi pa chionetsero cha zaulimi ku Harare.

Aliponso malo ena amene akatungwe ake sasamuka. Amakhala pomwepo chaka chonse. Ku Joni kuli malo otere otchedwa Gold Reef City. Anaŵamanga pa mgodi wakale wa golide wa Crown Mines, pa chitsime cha nambala 14. Paja amuna ambiri a kuno ku Dedza ankapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela ndi pa Theba. Lero pamene anthu ankatsikira pansi kukakhetsa thukuta, ana akukwerapo akatungwe, ndipo alendo amatsika mu mgodimo kukangoona mmene ntchito inkayendera. Ku America kuli malo otchuka otchedwa Disneyland, amene anatsegulidwa mu 1955.

KATUNGWE WOZUNGULIRA

Woyamba amene mudzamuone ndi wozungulira. Pakati pali mzati wachitsulo. Mozungulira mzatiwo muli mipando yolendeŵera pa matcheni, kapena akavalo osema okongoletsedwa ndi utoto. Injini ikayamba, zonse zimazungulira, ndipo mipando ija imatayikira kunja.

Kodi imatayikira kunja chifukwa chiyani? Kumbukirani mmene zimakhalira m'minibasi ikamakhota mothamanga pa msewu wa ku Linthipe. Anthu onse amapendekera mbali imodzi. Thupi limafuna kupitirira molunjika, koma galimoto ikulikhotetsa. Pa katungwe wozungulira munthu amakhota osalekeza. Motero thupi limangofuna kuthaŵira kunja, ndipo chimene chikuligwira ndi tcheni ndi lamba basi.

Onaninso ngolo ikamakhota. Ng'ombe ya kunja imayenda mtunda wautali kuposa ya m'kati, choncho imafulumira. N'chimodzimodzi pano. Mpando wa kunja umathamanga kwambiri, wa pafupi ndi mzati umayenda pang'onopang'ono. Mwana wamng'ono kapena wamantha mumuike m'kati. Ngati mwakhala aŵiri pa mpando umodzi, wamkulu akhale mbali ya kunja. Mukakhala m'kati inu, thupi lanu lonse lidzamutsamira mwanayo n'kumufinya.

CHIWILO CHACHIKULU

Wachiŵiri ali ngati wilo ya njinga yoimikidwa, koma yaitali kuposa mitengo. M'mbali mwake mwalendeŵera timabokosi tokhalamo anthu. Wilo ikamazungulira, timabokosito sititembenuka ai. Tinakoloŵekedwa pa chitsulo monga ndoŵa pa chigwiriro chake, tsono kulemera kwa anthu kumatikhazika tsonga nthaŵi zonse.

Wilo yotchuka ya mtundu umenewu anaipanga ndi mmisiri wina wa milatho dzina lake George Ferris. Anaimanga pa chionetsero cha mu mzinda wa Chicago ku America mu 1893. Inali yaitali mamita 80, ngati mitengo itatu italiitali ya bulugamu itasanjikizidwa. Inali ndi mabokosi 36, ndipo bokosi lililonse linkanyamula anthu 60. Taŵerengani: 36 kuchulukitsa ndi 60, tipeza anthu 2,160 ulendo umodzi. Ndi midzi ingati imeneyo? Mpaka lero Azungu amaitcha wilo yotere ndi dzina la Ferris.

Masiku ano zilipo zazitali koposa. Ya ku London, imene anthu anayamba kukwera mu 2000, ndi ya mamita 135, ndipo imatenga theka la ola kuti izungulire kamodzi. Ya ku Dubai, imene inatsegulidwa mu 2021, ndi ya mamita 250.

Ngati simunakwereko chilichonse, yambani ndi wilo. Imayenda modekha. Kukoma kwake ndi kuona kutali. Inu amene munakwerapo phiri la Dedza mukudziŵa mmene midzi ndi minda imaonekera pansi. Pa wilo mumaona mzinda wonse chomwecho osatuluka thukuta.

SITIMA YOTSETSEREKA

Wachitatu ndiye woopsa m'maso. Ndi kasitima kothamanga pa njanji yokwera ndi kutsika, yokhotakhota, ndipo pena anthu amayenda chadodolido, mutu pansi. Mukaima patali mumangomva kukuwa.

Chodabwitsa n'chakuti sitima zambiri zotere zilibe injini. Tcheni imakokera sitima pamwamba pa chitunda choyamba, niisiya. Kuchokera pamenepo imayenda yokha. Mukudziŵa mmene njinga yonyamula thumba la mbatatesi imachitira pa mtsetse. Simupalasa ai, koma imathamanga mpaka kukwera nayo kachitunda ka kutsogolo. N'chifukwa chake chitunda choyamba chimakhala chachitali kuposa zonse. Liŵiro lonse limachokera pamenepo.

Nanga bwanji siguluka pa njanji? Sitima wamba ili ndi mawilo pamwamba pa njanji pokha. Iyi ili ndi mawilo patatu: pamwamba, m'mbali ndi pansi pa njanji. Mawilowo amagwira njanji monga dzanja limagwirira mpini wa khasu.

Mu 1884 munthu wina dzina lake LaMarcus Thompson anamanga sitima yotere ku Coney Island mu mzinda wa New York. Inkayenda pafupifupi makilomita 10 pa ola, liŵiro la njinga yoyenda mosafulumira, komabe anthu ankaima pa mzere wautali. Lero ilipo ina ku Abu Dhabi yotchedwa Formula Rossa, imene inatsegulidwa mu 2010. Imeneyo imachita kuponyedwa ndi makina amphamvu, ndipo imafika makilomita 240 pa ola. Okwera amavala magalasi oteteza maso.

CHIBALUNI CHODUMPHIRAPO ANA

Chimene chimaoneka kaŵirikaŵiri kuno kwathu ndi chibaluni chachikulu chooneka ngati nyumba. Amachipopa ndi makina opemerera mpweya, ana namadumphapo opanda nsapato. Makolo ambiri amachiyesa chosaopsa chifukwa n'chofeŵa. Chenjerani nacho. Ana akachuluka amagundana mitu ndi mano. Mwana wamkulu akagwera wamng'ono akhoza kumthyola mkono.

Mdani wake wamkulu ndi mphepo. Pa 16 Disembala 2021, pa sukulu ina ya pulaimale mu tauni ya Devonport ku Australia, mphepo yamphamvu inanyamula chibaluni chotere ana ali pomwepo. Ana 6 anamwalira. Ife a kumapiri kuno timaidziŵa mphepo ya mwera mu Juni ndi Julayi, ndiponso akamvuluvulu a m'chilimwe. Tsono musanalipire, zungulirani chibalunicho. Onani ngati ngodya zonse zamangidwa ndi zingwe pa zikhomo zokhomedwa zolimba pansi. Mphepo ikayamba kugwedeza nthambi zikuluzikulu ndi kuulutsa fumbi, mtsitseni mwana wanu msanga, ngakhale nthaŵi imene mwalipira isanathe.

ZIMENE ZIMACHITIKA M'THUPI

Kodi n'chifukwa chiyani katungwe akamatsika m'mimba mumachita kuti myuu? Masiku onse matumbo ndi chifu zimatsamira pansi chifukwa cha kulemera kwake. Mukamatsika mofulumira, mpando ndi thupi lonse zimagwera pamodzi, ndipo za m'mimbazo zimapepuka kwa kanthaŵi. N'zomwe mumamva basi ikadumpha pa chitunda. Si matenda ai.

Mtima nawo umagunda kuti phaphapha. Pamwamba pa impso zathu pali tiziŵalo tiŵiri. Munthu akachita mantha, timeneti timatulutsira m'magazi mankhwala otchedwa adirenalini. Mankhwalaŵa amafulumizitsa mtima ndi kupuma, kuti munthu athe kuthaŵa choopsa. Pa katungwe thupi limayesa kuti pali ngozi, pamene mutu ukudziŵa kuti mwamangidwa bwino. N'chifukwa chake munthu amakuwa ndi kuseka nthaŵi imodzi. Kukoma kwa katungwe kwagona pamenepa: mantha alipo, ngozi palibe. Koma lamba akakhala wosamanga, kapena chitsulo chikakhala chothyoka, ngozi ija imakhala yeniyeni.

Nanga chizungulire? M'kati mwa khutu lililonse muli timachubu titatu tokhala ndi madzi. Madzi amenewo ndiwo amauza ubongo ngati mutu ukutembenuka. Takasani tiyi ndi supuni, kenaka chotsani supuniyo. Tiyi apitirirabe kuzungulira. Madzi a m'khutu amateronso. Inu mwaima, iwo akuyendabe, tsono dziko limaoneka ngati likuzungulira. Mukatsika khalani pansi pang'ono, zidzatha zokha. Kuti musachite nseru, musakwere mutangokhuta nsima, ndipo poyenda yang'anani kutsogolo, musamatembenuze mutu uku ndi uku.

ŴERENGANI ZIKWANGWANI

Apa ndi pamene sukulu yanu ya kwacha idzakuthandizeni. Pa khomo la katungwe aliyense wosamalidwa bwino pamakhala chikwangwani cha malamulo. Imani, muŵerenge mosafulumira. Zikwangwani zambiri zimalembedwa m'Chingerezi, choncho loŵezani mau aŵa:

TICKETS ndiye kuti pogulira matikiti.
ENTRANCE ndiye kuti poloŵera.
EXIT ndiye kuti potulukira.
DANGER ndiye kuti pali ngozi, musayandikire.
CLOSED ndiye kuti patsekedwa.
FIRST AID ndiye kuti pa chithandizo choyamba cha wovulala.

Mau ena akakukanikani, funsani woyendetsa katungweyo. Kufunsa si manyazi. Paja safunsa anadya phula.

Pena mudzaona ndodo kapena mzere wolembedwa manambala, monga 120 cm. Pamenepo amayezapo msinkhu wa mwana. Wosafika pa mzerewo saloledwa. Makolo ena amakangana nawo, namati, "Mwana wanga ndi wamkulu, ali Sitandade 3!" Iwo sakufunsa zaka. Lamba ndi chitsulo chotsekera zinapangidwa molingana ndi kukula kwa thupi. Mwana wamfupi akhoza kupulumukira pansi pa chitsulo katungwe ali m'mwamba. Musamuuze mwana kuti anyang'ame kuti afike pa mzere. Ndi bwino kubwereka tepi kwa atelala ndi kuyeza ana anu musananyamuke. Lembani msinkhu wa aliyense pa pepala.

AMENE SAYENERA KUKWERA

Akatungwe othamanga ndi ogwedeza si a aliyense. Anthu aŵa aonerere chabe:

Amayi oyembekezera, ngakhale mimba ili yaing'ono.
Amayi obereka mwana kumbuyo kapena onyamula khanda m'manja.
Odwala mtima kapena kuthamanga kwa magazi.
Odwala khunyu.
Omva msana kapena khosi, ndi amene achitidwa opareshoni posachedwa.
Amene amwa moŵa.

Ngati mumalandira mankhwala mwezi ndi mwezi, funsani ku chipatala cha Kasina kapena china chapafupi musanapite.

Mwana akamakana, musamkakamize, ndipo anzake asamseke. Muyambe naye ndi waung'ono. Akaona kuti watsika bwino, adzapempha yekha wamkulu.

YANG'ANANI KAYE, KENAKA KWERANI

Pogula ng'ombe mumaiyang'ana kaye mmene ikuyendera. Chitani chomwecho ndi katungwe. Imani pambali, muone ulendo umodzi kapena iŵiri. Dzifunseni mafunso aŵa. Kodi woyendetsa akuyendera mpando uliwonse kuona malamba? Kodi maso ake ali pa katungwe, kapena ali pa foni? Kodi pali mpanda woletsa anthu kuyandikira? Kodi zitsulo zadyeka ndi dzimbiri, kapena zamangidwa ndi waya ndi mphira? Kodi mawaya a magetsi ali pamtunda pamene ana akuponda? Mtima ukakayika, pitani pena. Ndalama ndi zanu, mwananso ndi wanu.

Mukakhutira, tsatani izi:

1. Mangani chitenje ndi duku zolimba. Nsalu yolendeŵera ikhoza kukodwa m'makina.
2. Siyani chipewa, ambulera, thumba ndi foni kwa mnzanu amene watsala pansi.
3. Khalani tsonga, msana utatsamira mpando. Mangani lamba, ndipo yesani chitsulo chotsekera ngati chagwira. Yesaninso cha mwana.
4. Manja ndi miyendo zikhale m'kati. Musaimirire, musagwedeze bokosi.
5. Katungwe akaima m'mwamba chifukwa magetsi athima, khalani phee. Musamasule lamba, musayese kutsika nokha. Eni ake ali ndi njira yotsitsira anthu.
6. Tsikani pokhapokha katungwe ataimiratu, ndipo tulukirani pa EXIT.

NDALAMA ZIMAULUKA

Ulendo umodzi pa katungwe umatha mphindi ziŵiri kapena zitatu basi. Mwana akatsika amati, "Kenanso!" Apa ndi pamene thumba limabooka.

Ŵerengerani muli kunyumba. Tiyerekeze kuti tikiti imodzi ndi K2,000. Muli ndi ana 3, ndipo aliyense akwera kaŵiri. Matikiti ndi 6. Tsono 6 kuchulukitsa ndi K2,000, ndi K12,000. Mtengo weniweni mukaufunse komweko, koma kaŵerengedwe kake ndi komweka. Onjezani ndalama yoloŵera pa geti, ya chakudya ndi ya basi. Auzeni ana musananyamuke kuti aliyense akwera kangati. Mwana wouzidwiratu savuta.

Ndalama ya basi yobwerera muisunge payokha, pa mfundo ya chitenje kapena m'thumba la m'kati. Imeneyo isakhudzidwe. Ya feteleza ndi ya sukulu isiyeni kunyumba. Chionetsero ndi cha tsiku limodzi, koma njala ya mu Febuluwale imakhalitsa.

Pamalo otere pamakhalanso maseŵera oponya mphete kapena mpira kuti muwine chidole. Ngati mukufuna kuyesa, yesani kamodzi mongoseŵera. Dziŵani kuti mwini wake anaŵakonza kuti olephera achuluke, chifukwa phindu lake lili pamenepo. Koma a wachiona ndani, aja osakaniza makadi atatu, aŵa athaŵeni ndithu. Amene mumamuona akuwina kaŵirikaŵiri amakhala mnzawo. Ndipo pamene maso anu ali pa makadi, dzanja la wakuba lili m'thumba mwanu.

Tengani kamba wa kunyumba, monga mbatata yophika, chimanga chokazinga, nthochi ndi botolo la madzi abwino. Tchipisi cha m'tauni n'chodula, chonsecho mwina mbatatesi yake munalima ndinu nomwe kuno ku Dedza.

ANA ASASOŴE

M'khamu mwana amasoŵa m'kuphethira kwa diso. Popeza tsopano mumatha kulemba, chitani ichi. Lembani pa kapepala dzina la mwana, dzina lanu, mudzi wanu, mfumu yanu ndi nambala ya foni. Kaikeni m'thumba la mwanayo, kapena kamangirireni m'kati mwa malaya ake ndi pini.

Mukangoloŵa pa geti, sankhani malo amodzi ooneka bwino, monga pa ofesi ya matikiti. Auzeni ana kuti, "Tikasiyana, tikumane pano." Aonetseni apolisi ndi alonda ovala yunifolomu, kuti ndiwo oyenera kuŵafunsa. Aletseni kutsata mlendo amene akuŵalonjeza maswiti kapena tikiti yaulere. Ana akakwera okha, inu imani potulukira, pakuti ambiri amasoŵa potsika. Yambani ulendo wobwerera dzuŵa likadalipo.

TIMANGE KATUNGWE WATHU

Si tonse tingathe kupita ku Blantyre chaka chino. Koma katungwe wabwino tikhoza kummanga konkuno, pa sukulu, pa mkombaphala kapena pa bwalo la mudzi. Kalasi lanu la kwacha likhoza kutsogolera ntchitoyi.

Sankhani nthambi yamoyo, yonenepa ngati ntchafu ya munthu wamkulu, yosadyeka ndi chiswe. Peŵani bulugamu, chifukwa nthambi zake zimathyoka mosachenjeza. Mtengowo ukhale kutali ndi msewu, chitsime ndi mawaya a magetsi. Kulungani chubu chakale cha njinga pa nthambi kuti chingwe chisaperepeseke. Chingwe chikhale chatsopano, cha khonje kapena cha nailoni. Mpando ukhale thabwa losalala lopanda misomali, kapena tayala lakale. Tayalalo mulibooleboole pansi kuti madzi a mvula asakhalemo, kuopa kuŵeta udzudzu. Mpando ulekeze m'mawondo a munthu wamkulu. Chotsani miyala ndi zitsa, nimuthire mchenga wambiri pansi pake. Munthu wamkulu ayambe wakhalapo, ana asanakwere.

Kutalika kwa chingwe ndiko kumalamula mayendedwe a katungwe. Chingwe cha mita imodzi chimapita ndi kubwera m'masekondi aŵiri. Cha mamita 4 chimatenga masekondi anayi. Kulemera kwa wokwera sikusintha nthaŵiyo. Zimenezi anazifufuza ndi Galileo wa ku Italy zaka zoposa 400 zapitazo. Yesani nokha. Mangani mwala waukulu ndi waung'ono pa zingwe ziŵiri zofanana kutalika, muikankhe pang'ono nthaŵi imodzi. Idzayendera limodzi. Koma chingwe chachitali chimafikitsa mwana kutali ndi m'mwamba, ndipo kugwa kwake n'koŵaŵa. Motero ana aang'ono muŵamangire chachifupi.

Pomaliza pake ikani malamulo, ndipo muŵalembe pa thabwa ndi dzanja lanu. Mmodzi pa nthaŵi. Osadutsa kutsogolo kapena kumbuyo kwa katungwe. Osadumpha ali m'mwamba. Osakulunga chingwe m'khosi. Wokankhidwa akankhenso mnzake. Sankhani munthu mmodzi woti aziyendera chingwe ndi nthambi Loŵeruka lililonse, makamaka nthaŵi ya mvula pamene zingwe zimaola. Mwana wozoloŵera malamulo a katungwe wa kumudzi sadzavutika ndi malamulo a ku chionetsero.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Pa katungwe wozungulira, kodi mwana wamng'ono akhale mpando uti? Chifukwa chiyani?
2. Kodi sitima yotsetsereka imalipeza kuti liŵiro lake?
3. Tchulani anthu anayi amene sayenera kukwera akatungwe othamanga.
4. Kodi mau oti DANGER ndi EXIT atanthauza chiyani?
5. Tikiti ndi K1,500. Muli ndi ana 4, ndipo aliyense akwera kaŵiri. Mulipira zingati?
6. Lembani m'kope mwanu kapepala kamene mungaike m'thumba la mwana wanu.
7. Kodi m'mudzi mwanu muli mtengo woyenera katungwe? Ndani angamauyendere?